Maso a nkhono ndi munthu wopanda nthawi

M'chaka cha 2016, nyumba yosungiramo zachilengedwe ya pa Yunivesite ya Oxford, ku England, idaonetsa zithunzi za tizirombo zimene adajambula Levon Biss. Chionetserocho adachitcha Microsculpture. Zina mwa zithunzizo zidali zotalika mamita atatu, moti kafadala wosadzaza n'chikhadabo chomwe ankaoneka wamkulu kuposa chitseko cha nyumba. Kaubweya kalikonse ka pamwendo ndi kakhwinya kalikonse ka paphiko zinkaoneka mwatchutchutchu. Kuti chithunzi chimodzi chituluke, Biss ankagawa thupi la kachirombo m'zigawo pafupifupi 30, chilichonse n'kuchiunikira pachokha, kenaka n'kujambula kambirimbiri uku akusendeza kamera pang'onopang'ono, mtunda wokwana milimita imodzi itagawidwa ka 100. Zithunzi zoposa 8,000 ndizo ankazisanjikiza pakompyuta kuti zibale chimodzi, ndipo ntchitoyo inkadya pafupifupi masabata atatu.

Ndayamba ndi Biss chifukwa zithunzi za mtundu wake ndizo zasanduka muyezo. Munthu amene wangogula kagalasi kokulitsa tinthu, n'kukajambula njuchi paduwa kamera ili m'manja, akafika kunyumba amayerekeza zake ndi zimenezo, mtima n'kugwa. Zake amaziona ngati zolephera: mutu waoneka, mimba yathawira m'chimbuuzi, kumbuyo kuli bii ngati adajambula usiku. Ine ndikuti muyezowu ngwolakwika. Kujambula kwapamanja kuli ndi zotaya zake zenizeni, ndipo ndizitchula mosabisa, koma chimene kumasunga n'chimene zithunzi za Biss sizingasunge, ndipo kuno ku Johannesburg chimenecho chili ndi ntchito yaikulu kuposa momwe ambiri timaganizira.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa pano palibe za luso kapena kusowa luso. Ojambula amati chithunzi ndi macro pamene chinthu chikugwa pa sensa ya kamera pa msinkhu wake weniweni, zimene amalemba kuti 1:1. Sensa yaikulu ya makamera wamba ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, choncho pa 1:1 dziko lonse la wojambula limakhala lochepa kuposa bokosi la machesi. Ukamayandikira chonchi, dera limene limaoneka bwino, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, limapyapyala modabwitsa. Kabowo kolowera kuwala katatsekedwa mpaka pa f/11, deralo limangopitirira pang'ono milimita imodzi. Njuchi ndi yotalika pafupifupi mamilimita 12. Ukaijambula maso ndi maso, gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a thupi lake ndilo lioneke. Zotsalazo ndi nkhungu. Ukakulitsa kawiri, deralo limatsikira pa theka la milimita. Tsono thupi la munthu silikhala chete. Kupuma kokha, ngakhale kugunda kwa mtima, kumasuntha kamera mtunda woposa pamenepo, ndipo kamphepo kakang'ono kamagwedeza duwa ngati kuti kakuchita dala.

Apa m'pamene kusinthanitsa kumayambira, ndipo chilichonse chimene upeza umachigula ndi china. Ukachepetsa kabowo kufika pa f/16 kapena f/22 kuti dera looneka likule, kuwala kumapindika m'mphepete mwa kabowoko ndipo chithunzi chonse chimafewa, osasiyako n'pomwe unalunjika. Kuwalanso kumachepa, pomwe kudali kale kosakwanira, chifukwa pa 1:1 sensa imalandira gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a kuwala kumene ikadalandira ukamajambula zakutali. Ukati kamera itsegule nthawi yotalikirapo kuti imwe kuwala kokwanira, dzanja limanjenjemera. Ukakweza ISO, chithunzi chimadzala mchenga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Njira imene ojambula pamanja ambiri adakhazikikapo ndi fulashi. Kung'anima kwake kumatha msanga kwambiri, kawirikawiri m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, choncho kumaumitsa dzanja, mphepo ndi kachirombo pamodzi. Koma nayonso ili ndi mtengo wake. Fulashi yosaphimba imawala mwaukali pa chigoba cha kafadala, n'kusiya madontho oyera pamene padayenera kuoneka mtundu. N'chifukwa chake ojambula amamangirira kutsogolo kwake chofewetsa kuwala, ena chogula, ena chodula ku chigubu choyera cha pulasitiki kapena kambale ka chakudya chogula munjira. Vuto lachiwiri n'lakuti kuwala kumafooka msanga: chinthu chimene chili kutali kuwirikiza kawiri chimalandira gawo limodzi mwa anayi. Kachirombo kamawala, tchire la kumbuyo n'kuzimirira mumdima. Mdima umene uja m'zithunzi zambiri si usiku ayi, ndi masana dzuwa likuswa mtengo.

Wina anganene kuti bwanji osangoimika kamera pa miyendo itatu ija amati tripod, n'kujambula zithunzi zambiri zosanjikiza ngati Biss. Yankho ndi nthawi, ndipo nthawi ku Johannesburg ili ndi maonekedwe ake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, m'mawa kumazizira, ndipo tizirombo timakhala tofooka, tosathawa, mpaka dzuwa litatifunditsa. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yojambula, ndiyonso nthawi imene munthu wapantchito ali pamzere wa takisi ku Bree kapena ku Noord. Madzulo a dzinja, pamene tizirombo tili tambiri, mvula yamabingu imakonda kugwa nthawi yoweruka. Otsala ndi Loweruka ndi Lamulungu, masiku amene akuyembekezedwanso ndi kuchapa, tchalitchi, misonkhano ya mabungwe a maliro ndi kukatumiza ndalama kumudzi. Malo abwino alipo: munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort, Melville Koppies, The Wilds ku Houghton, Delta Park. Koma kuyenda ndi chikwama cha zipangizo zodula, n'kugwada patchire diso lili m'kamera msana uli kunjira kwa mphindi makumi awiri, ndi chinthu chimene wokhala mumzinda uno amayamba wachiganizira kawiri. Ndipo ukamaliza kuyala miyendo itatuyo, gulugufe amakhala ali kale pa mpanda wa eni ake. Ine ndimajambula pa mphindi zopuma pakati pa masamba amene ndikumasulira, ndipo pa zithunzi makumi angapo ndimasunga chimodzi kapena ziwiri. Mtengo wa kujambula pamanja ndi umenewo: umalipira ndi zithunzi zotaya m'malo molipira ndi maola.

Makamera ena, monga a Olympus, amatha kujambula zithunzi zingapo mothamanga n'kuzisanjikiza okha, ndipo mapulogalamu monga Helicon Focus ndi Zerene Stacker amachita zomwezo pakompyuta. Zimathandiza, koma zimafunabe kuti kachirombo kaime chilili. Kakangogwedeza nyanga, chithunzi chimatuluka ndi nyanga zinayi. Nthawi imene wapulumutsa kutchire umakaibweza usiku patsogolo pa kompyuta, ukufufuta mizukwa ya miyendo.

Tibwerere tsono kwa Biss, timuzukute mwachilungamo. Ntchito yake ndi yogometsa, ndipo ndani angakane kuti yatsegula maso a anthu ambiri amene ankangoti kachirombo n'koponda. Koma tizirombo take tonse n'takufa. Adatibwereka m'madirowa a nyumba ya ku Oxford ija mothandizidwa ndi katswiri wa tizirombo James Hogan, ndipo kamodzi mwa ito kadatoledwa ndi Charles Darwin pa ulendo wa sitima ya Beagle. Tidatsukidwa, tidakonzedwa miyendo, n'kuikidwa pa mdima wopanda tsamba, wopanda dothi, wopanda nyengo. Chithunzi choterocho chimayankha bwino lomwe funso limodzi lokha, lakuti kachiromboka kadaumbidwa motani. Sichikuuza kuti kamadya chiyani, kamatuluka mwezi uti, kamakhala pa mtengo wanji, kapena ndani amakadya. Biss sadabise zimenezi, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale palibe cholakwika. Cholakwika chimabwera pamene otsanzira akufuna kukongola komweko pa tizirombo tamoyo: ena amatitsekera mufiriji kuti tifooke, ena amatipha, kenaka n'kutikhazika paduwa ngati kuti adatipeza pomwepo. Chithunzi chotere chimanama, ngakhale kaubweya kalikonse kataoneka.

Monga womasulira, ndimaona kuti chinenero chathu chili ndi mbali pa mtsutsowu. Mawu akuti kachirombo ndi bulangeti lalikulu. Chirombo ndi fisi, ndi cha kudambwe, ndi chilichonse choopsa kapena chopanda phindu; kachirombo ndi nyerere komanso kaja koyambitsa Edzi. Ukangomva mawuwa ungaganize kuti Achewa sitilabadira tinthu ting'onoting'ono. Koma ukavundukula bulangetilo umapeza maina ochuluka: ngumbi, mafulufute, nkhululu, bwanoni, dzombe, chiwala, nyenje, tombolombo, chiswamphika, linthumbu, nankafumbwe, mphalabungu. Brian Morris, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Britain amene adakhala zaka zambiri ku Malawi, adalemba buku lathunthu pa nkhaniyi, Insects and Human Life, lomwe lidatuluka mu 2004. Chimene ndikufuna tione n'chakuti dzina lililonse pamenepa limabwera ndi nthawi, malo ndi zochita. Ngumbi n'za pachulu mvula ikagwa. Nkhululu n'zokumba kuuna. Bwanoni amaunjikana pa magetsi mvula ikamapita kumapeto. Nankafumbwe ndi wa munkhokwe. Agogo athu sadaonepo diso la chiwala litakulitsidwa ka 30, komabe ankadziwa chiwala chodyedwa ndi chosadyedwa ali patali. Nzeru yawo idali ya kachirombo kali pamalo pake. Chithunzi chapamanja, ndi chimbuuzi chake chomwecho, chili pafupi ndi nzeru imeneyi kuposa chithunzi cha mu situdiyo.

Izi sizikutanthauza kuti chithunzi chilichonse chapamanja n'chabwino. Zambiri zimene ndimaona zili ndi matenda atatu. Oyamba ndi kuyandikira kopanda chifukwa. Popeza lenzi ikutha kufika pa 1:1, wojambula amaona ngati akabwerera m'mbuyo waluza, ndiye timangoona nkhope zokhazokha: maso akuluakulu a kangaude wodumpha uja, maso a ntchentche, maso a tombolombo, zonse zofanana ngati zithunzi za pachiphaso. N'zokongola tsiku loyamba, tsiku lachitatu zatopetsa. Achiwiri ndi mdima wa kumbuyo uja, umene umafufuta malo ndi kusandutsa chithunzi cha ku Melville Koppies kukhala cha kulikonse. Apa wojambula pamanja wataya chinthu chokhacho chimene adali nacho kuposa Biss. Achitatu ndi kusowa dzina ndi muyezo. Chithunzi chimaikidwa pa Facebook kapena Instagram popanda kunena kuti n'chiyani, adachipeza kuti, liti, ndipo n'chachikulu bwanji. Mafoni amawonjezera matenda ena. Mafoni ambiri, monga iPhone 13 Pro ya mu 2021, yomwe imaona chinthu chili pa masentimita awiri okha, amalonjeza macro, ndipo sensa yawo yaing'ono imapatsa dera looneka lokulirapo, chimene chili mwayi weniweni. Koma pa masentimita awiri foniyo imatchinga kuwala ndi mthunzi wake womwe, kachirombo kamathawa, ndipo pulogalamu ya m'kati imanola chithunzi mopitirira mpaka ubweya kuoneka ngati wojambula ndi bolopeni.

Chifukwa chake ndikulimbikira pa malo, dzina ndi muyezo n'chakuti mitengo ya Johannesburg ikufa ndi kanthu ka mamilimita awiri. Kafumbwe wotchedwa polyphagous shot hole borer, wochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, adapezeka koyamba m'dziko lino mu 2017 m'munda wa zomera wa ku Pietermaritzburg, ndipo adamutulukira ndi Trudy Paap wa ku FABI, nthambi ya kafukufuku ya Yunivesite ya Pretoria. Wamkazi amaboola thunthu n'kudzala m'kati mwake nkhungu yotchedwa Fusarium euwallaceae, imene iye ndi ana ake amadya. Nkhunguyo imatseka njira za madzi, nthambi n'kuyamba kuuma. Mitengo ya London plane, oak ndi boxelder, ija imapereka mthunzi m'misewu yakale ya mzinda uno, ili m'gulu la imene imagwidwa kwambiri. Kabowo kamene amalowera n'kochepa ngati nsonga ya bolopeni, ndipo nthawi zambiri kamazunguliridwa ndi banga lonyowa, utomoni kapena utuchi. Palibe katswiri amene angayendere mtengo uliwonse mumzinda waukulu chonchi. Amene amaiona tsiku ndi tsiku ndi osesa masamba ndi odulira nthambi, ndipo ambiri mwa iwo ndi abale athu ochokera ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Dedza, amene adabwera ku Joni kudzagwira ntchito m'magadeni. Chithunzi cha kabowoko chojambula ndi foni, nsonga ya bolopeni itaikidwa pambali pake, china cha khungwa ndi masamba kuti mtengo udziwike, pamodzi ndi dzina la msewu, chingathandize kuposa chithunzi cha masabata atatu cha kafumbwe wakufa.

Kumudzi nkhani ndi yomweyo. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zimene zidachokera ku America n'kuoneka mu Africa mu 2016, zidasakaza chimanga mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Kuti mlangizi aisiyanitse ndi kapuchi, amayang'ana zinthu ziwiri: chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda oyalana ngati ngodya za bokosi kufupi ndi kumchira. Mbozi yokhwima imafika masentimita atatu kapena anayi. Wojambula amene wathamangira nkhope pa 1:1 apeza mutu wokha, madontho aja atasowa m'chimbuuzi. Amene wabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kujambula ali pamwamba kamera itagona mofanana ndi thupi la mbozi, apeza zonse ziwiri, ndi tsamba loboola lomwe. Chithunzi chachiwirichi sichingapambane mpikisano, koma mwana wa kuno atachilandira pa WhatsApp kuchokera kwa mayi ake angathe kuthandiza kuti adziwe chimene chikudya munda wawo.

Pali kale njira yosonkhanitsira zithunzi zotere. Pa iNaturalist, yomwe idayamba mu 2008, chithunzi chimawerengedwa kuti n'chothandiza pa kafukufuku chikakhala ndi tsiku, malo, ndipo ozindikira ambiri agwirizana pa dzina. Kukongola sikufunsidwa. Mu 2019 Cape Town idapambana mizinda yonse ya padziko pa mpikisano wa City Nature Challenge, pa kuchuluka kwa zojambulidwa ndi kwa mitundu ya zamoyo, ndipo ntchitoyo adaigwira ndi anthu wamba m'masiku anayi. Mpikisanowu umachitika kumapeto kwa Epulo, nthawi imene kuno kwayamba kuzizira ndipo tizirombo tikuchepa. Wa Great Southern Bioblitz, umene udayamba mu 2020, ndiwo udaganizira nyengo za ife a kum'mwera.

Komabe sindikufuna kusiya nkhaniyi ngati kuti chithunzi chapamanja n'chida chabe cha alangizi. Chingakhalenso luso, ndipo mphunzitsi wake adali mumzinda momwe muno. David Goldblatt, amene adabadwira ku Randfontein mu 1930, n'kumwalira mu 2018, yemwenso adayambitsa Market Photo Workshop mu 1989, adajambula mu 1975 zithunzi zoyandikira za ziwalo za anthu: manja, makutu, makosi, miyendo ya anthu okhala pa mabenchi, ambiri a ku Joubert Park. Zidatuluka m'buku lotchedwa Particulars mu 2003. Si macro m'masamu ake, koma funso lake ndi lomwelo: pamene sungaonetse zonse, uonetsa chiyani? Goldblatt ankadula nkhope dala, n'kusiya dzanja kapena mpindiro wa diresi kuti zinene za munthuyo ndi za dziko limene ankakhalamo. Ndipo pansi pa zithunzi zake ankalemba malo ndi chaka. Womasulira aliyense amaidziwa ntchito imeneyi: chiganizo sichiwoloka ndi katundu wake yense, ndiye umasankha chimene sichiyenera kutsala. Wojambula pamanja ali ndi milimita imodzi. Akaiika pa diso chifukwa aliyense amaiika pa diso, sadasankhe kanthu. Akaiika pa ufa wachikasu umene njuchi yanyamula kumwendo, kapena pa mano a chiswamphika akulowa m'phiko la gulugufe, watiuza chimene adaona. Wothirira ndemanga aweruze pamenepo, osati pa kuchuluka kwa ubweya wowerengeka.

Tsono kwa amene ali ndi theka la ola pa sabata, chigamulo changa ndi ichi. Tayani kukulitsa musanataye malo: bwererani m'mbuyo mpaka tsamba lioneke, dera looneka bwino lidzakula lokha. Fulashi igwire ntchito, koma yofewetsedwa, ndipo lolani kuwala kwa dzuwa kulowe kuti kumbuyo kusafe. Lenzi muikonzeretu pa mtunda umodzi, kenaka muzisendeza thupi pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, chigongono chitatsamira bondo kapena ndodo. Musalire zithunzi zotaya. Lembani tsiku, malo, chomera ndi dzina, la Chilatini ngati mwalipeza, ndi la Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka ngati mukulidziwa, chifukwa mainawa nawonso akutha pakamwa pa ana obadwira kuno. Ndipo musadikire ulendo wa ku Roodepoort. Chaka ndi chaka, cha mu Disembala kapena Januwale, agulugufe oyera a Belenois aurota amadutsa mumzinda uno miyandamiyanda kulowera kumpoto chakum'mawa, n'kumatera pa maluwa a m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi pamene mumadikirira takisi.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ena angamve ngati mwambiwu ukutsutsa munthu wopanda nthawi. Koma taganizani mmene nkhono imachitira. Maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali. Ukaikhudza imatibweza m'kati, ukaipha sudzationanso titatambasuka. Kudekha kumene imafuna ndi kwa mphindi zitatu kapena zisanu, munthu atakhala phee mpaka iyo itakhulupirira kuti ngozi yapita. Kudekha kotereku sikugulidwa ndi tripod, ndipo wa m'gadeni ku Parkview angakukwanitse pa nthawi ya nkhomaliro, foni ili m'manja.